Chitsulo chosachita dzimbiri chachita dzimbiri: tiyambire pati?

Foni yamtunduwu imakonda kulira Lolemba m'mawa. Wina ku mafakitale a ku Willowvale kapena ku Workington, mu Harare muno, wafika pantchito, wapeza chithaphwi pansi pa thanki, koma akazungulira thankiyo sakuona pamene madzi akutulukira. Ikuwala ngati yangotsitsidwa m'lole dzulo. Apukute ndi nsanza, adikire pang'ono, kadontho kaja n'kutulukira pa kabowo koti ngakhale singano singalowe. Mawu oyamba amakhala omwewo nthawi zonse: “Achimwene, atibera. Ife tinalipira stainless.” Nthawi zina amakhala atabedwadi, ndipo nkhani imeneyo ndifikako. Koma kawirikawiri chitsulocho chimakhala stainless yeniyeni (chitsulo chosachita dzimbiri), ya mapepala ake, kungoti anaiviika m'madzi amene si ake.

Ine ndemwe ndinagwa m'mbuna imeneyi ndidakali mnyamata pantchito. Pa fakitale ina yofufuta zikopa panali thanki yolandira madzi oipa, ya chitsulo wamba, yofiira ndi dzimbiri mochititsa manyazi alendo akabwera. Ndinauza folomani kuti tiichotse tiikepo ya stainless ya mtundu wa 304, za dzimbiri tiiwale. Anandimvera, ndalama zinatuluka. Chaka chisanathe yatsopanoyo inali ikudontha pa malo anayi, pamene yakale yonyansa ija inali itakhala zaka zambiri osataya dontho. Folomani sanandikalipire. Anangoigogoda ndi sipanala n'kunena kuti, “Mwana wanga, chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.” Chitsulo wamba chimadyeka ponseponse pang'onopang'ono, umachiona chikupyapyala ndipo ukhoza kuwerengera zaka zimene zatsala. Stainless ikakumana ndi chloride, amene amapezeka mu mchere, imabooka malo amodzi ngati chimanga cholowa nankafumbwe, kwina konseko kuli mbee.

Nanga mcherewo wachokera kuti, nyanja ili kutali chonchi?

Ambiri kuno amaganiza kuti vuto la mchere ndi la anthu a ku Beira ndi ku Durban. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, mphepo yake ilibe mchere, denga la malata limakhala zaka. Choncho wogula zipangizo amaoda 304 mtima uli m'malo. Amaiwala kuti mchere timaulowetsa tokha pageti, m'matumba. Pa kilogalamu iliyonse ya mchere, magalamu pafupifupi 600 ndi chloride. Zikopa zimabwera zitathiridwa mchere kuti zisaole, ndipo wonsewo umathera m'madzi oviika oyamba. Opaka nsalu utoto amathira mchere wambiri kuti utotowo ugwire thonje. Opanga tchizi, okonza nyama ndi oika zakudya m'zitini ali ndi madzi awo a mchere. Fakitale iliyonse ya boila ili ndi softener, makina ofewetsa madzi, ndipo madzi otsukira softener amakhala ndi mchere pafupifupi 10 peresenti. Madzi a m'nyanja yamchere ali ndi chloride mamiligalamu pafupifupi 19,000 pa lita, ndiye kuti madzi a softener aja amawapitirira katatu. Amatayidwa kwa mphindi zochepa, mwina usiku, m'ngalande yomweyo imene ikupita ku thanki yanu.

Palinso chloride amene sabwera ngati mchere. Mukathira caustic soda kuti muphe hydrochloric acid, chotsalacho ndi madzi ndi mchere womwewo. Ferric chloride amene ena amathira kuti zinyalala zikhale pansi ndiye woipa kuposa onse. M'malabotale akafuna kuyesa ngati stainless ili yolimba, amaiviika dala mu ferric chloride wa 6 peresenti kuti ibooke, muyeso wake umatchedwa ASTM G48. Ndiye tangoganizani munthu amene akudutsitsa mankhwala omwewo mu paipi ya stainless ya mtundu wa 316 tsiku ndi tsiku.

Zaka zino kwabwera chinanso. Popeza madzi a m'mipopi sadalirika, mafakitale ambiri akugwiritsa ntchito borehole ndipo madzi omwewo akuwazunguliza kangapo. Nzeru yabwino, koma mchere suuluka ndi nthunzi. Makina osefa a RO akamatulutsa malita 75 abwino pa malita 100, mchere pafupifupi wonse umatsala m'malita 25 otayawo, wawirikiza kanayi. Cooling tower, nsanja yoziziritsira madzi, imachitanso chimodzimodzi. Paipi imene inakhala bwino zaka khumi ikhoza kuyamba kudontha chaka chimene munayamba kusunga madzi, chitsulo chili chomwecho.

Tisanapitirire, mumvetse chimene chimateteza stainless. Ndi chitsulo wamba chimene chasakanizidwa ndi chrome wosachepera 10.5 peresenti. Chrome ameneyu akakumana ndi okosijeni amapanga kakhungu kopyapyala kosaoneka ndi maso, ndipo kakakalika kamadzipanganso kokha bola mpweya ulipo. Zimandiseketsa ndikaganiza kuti chrome timakumba konkuno ku Great Dyke, amasungunulidwa ku Kwekwe, amatuluka m'dziko, kenako timamugula atabwerera ngati mapepala a chitsulo pa mtengo wolira nawo. Chloride amathyola kakhungu kaja pamalo pofooka. Kabowo kakangoyamba, m'kati mwake okosijeni amatha, madzi a m'menemo amasanduka asidi, chloride wina amakokedweramo, ndipo kabowoko kamadzikumba kokha kulowa m'kati. Pakamwa pake pamakhala pang'ono, m'munsi muli phanga. N'chifukwa chake kumata chigamba pamwamba pa kabowo kotere n'kungodzinamiza.

Musanagule kanthu, onani mmene chafera

Cholakwa chachikulu chimene ndimaona ndi kuthamangira kufunsa mtengo wa 316 chitsulo chakufacho chisanayang'anidwe. Dulani kachidutswa, mutsuke, muyang'ane m'kati mwake pa dzuwa. Chitsulo chimanena chokha chimene chachipha.

Mukaona timabowo tomwazikana pansi pa thanki kapena m'munsi mwa paipi yogona, funsani kuti madzi amaima nthawi yaitali bwanji. Apa m'pamene kuthima kwa magetsi kumalowerera nkhani ya dzimbiri. Pampu ikaima maola khumi kapena kuposa, matope amakhala pansi, pansi pa matopewo mpweya sufika, ndipo kakhungu kaja kakathyoka sikabwereranso. Fakitale ikatseka pa Khirisimasi mapaipi ali odzaza, Januwale mumalandira mphatso. Mankhwala ake si chitsulo chodula. Pendeketsani paipi kuti izidzikhuthula, ikani valavu yotayira pamalo potsika, dulani nthambi zonse za paipi zimene zinatsekedwa kumapeto n'kuiwalika, ndipo pampu ikamayenda madzi azithamanga osachepera mita imodzi pa sekondi kuti matope asakhale. Pofuna kutseka masiku angapo, tsukani ndi madzi abwino, mukhuthule, musiye pouma.

Timabowo tikandanda pamzere umodzi pamene madzi amalekezera m'thanki, ndiye kuti ndi kuuma ndi kunyowa. Madzi amathovukira pakhoma, dzuwa la Okutobala limawaumitsa, mchere umatsala, mawa amathovukiranso. Botolo limene munatumiza ku labotale likhoza kunena kuti chloride ndi wochepa, koma pamzerewo wachuluka kwambiri. Mumaona ndi timiyala toyera tomatirira pakhoma.

Mukamasula flange, polumikizira mapaipi ndi mabawuti paja, n'kupeza nkhope yake yadyeka pansi pa gasiketi, kapena pansi pa washa, kapena pamene chomangira chagwira paipi, kwina konse kuli bwino, amenewo ndi matenda a m'timipata. Amayenda ngati a timabowo aja koma amayamba msanga, pa chloride wochepa ndiponso madzi asanatenthe kwenikweni. Kunena zoona, m'madzi oipa chitsulo chimafera kwambiri m'timipata kusiyana ndi poyera. Gasiketi yomwa madzi ichotseni, muike ya rabala wa EPDM kapena ya PTFE, yodulidwa molingana ndi bowo la paipi, osati yolendewera m'kati. Mathanki opangidwa posanjikiza mapepala awiri n'kuwotcherera modumphadumpha ndi nyumba za chloride. Msoko uziwotchereredwa wonse.

Pa msoko ndiimapo pang'ono, chifukwa apa olakwa ndife tomwe owotcherera, ndipo sitikonda kuvomera. Kudontha kukatsatira msoko, pali zinthu zitatu zoti mufunse. Choyamba ndi mitundu ija ya buluu ndi yagolide imene imatsala m'mbali mwa msoko. Anyamata ena amanyadira nayo, amaijambula n'kuika pa Facebook. Pansi pa mitundu imeneyo chrome wachepa, ndipo m'pamene timabowo timayambira. Iyenera kuchotsedwa ndi pickling paste, phala la asidi lotsukira misoko, kapena makina otsukira msoko ndi magetsi. M'kati mwa paipi, mmene dzanja silifika, muyenera kudzazamo gasi wa argon musanayambe kuwotcherera, apo ayi msoko wam'kati umatuluka wakuda, wokhakhala ngati chikonga cha nsima, ndipo umenewo ndi umene ukukhudza madzi. Argon ndi wodula, ndikudziwa, ndipo bwana akhoza kunyinyirika. Muonetseni chidutswa chakudyekacho.

Chachiwiri ndi rod yowotcherera. 304 imafuna 308L, 316L imafuna 316L, 2205, stainless ya mtundu wa duplex, imafuna 2209. Ndinaonapo paipi ya 316L yabwinobwino yowotchereredwa ndi 308L chifukwa ndi imene inali m'sitolo tsiku limenelo. Paipi yonse inali bwino, misoko yokha ndi imene inadyeka, chifukwa 308L ilibe molybdenum, chosakaniza chimene chimalimbana ndi timabowo. Chachitatu ndi chilembo cha L chija. Chimatanthauza kuti carbon sapitirira 0.03 peresenti. Stainless ya carbon wambiri ikakhalitsa pa madigiri apakati pa 450 ndi 850, monga zimachitikira m'mbali mwa msoko wa pepala lokhuthala, carbon amagwira chrome n'kumuchotsa pantchito yake, ndipo chitsulo chimadyeka motsatira msoko, mamilimita ochepa kuchokera pa iwo. Chilichonse choti chiwotchereredwe, odani cha L.

Pickling paste ija si sopo. Muli nitric acid ndi hydrofluoric acid, ndipo wachiwiriyu amalowa pakhungu mpaka kufupa, ululu n'kubwera mochedwa. Magolovesi aatali, chotchinga kumaso, madzi ambiri pafupi, ndi mafuta a calcium gluconate m'bokosi la chithandizo choyamba. M'thanki imene mwadzaza argon, kapena imene munali madzi a fungo la dzira loola, munthu asalowe popanda kuyeza mpweya ndi mnzake woima pakhomo. Argon alibe fungo, ndipo mpweya wa dzira loola uja ukachuluka mphuno imaleka kuumva.

Ming'alu yopyapyala yochita nthambi ngati mizu ya udzu ndi nkhani ina, ndipo ndi yoopsa kuposa zonse. Imabwera zinthu zitatu zikakumana: chloride, kutentha kopitirira madigiri 60, ndi chitsulo chimene chili chokokeka, monga pamene chinapindidwa kapena kuwotchereredwa. Mudzaipeza pa mapaipi a madzi otentha ochokera kopaka utoto, pa ma heat exchanger, zipangizo zotenthetsera kapena kuziziritsira madzi, ndiponso kunja kwa paipi pansi pa chofunda chake ngati chofundacho chimanyowa. Thirani dye penetrant, utoto wolowa m'ming'alu, mizuyo idzaoneka yofiira. Apa 316 sikupulumutsani, imang'aluka ngati 304 yomwe. Mukayesa kuwotcherera mng'aluwo umathawira kutsogolo. Njira ndi ziwiri: kuziziritsa madzi asanafike pa chitsulocho, kapena kusamukira ku duplex.

Zina n'zopepuka. Madontho ofiira pamwamba, amene amachoka mukapukuta mwamphamvu, kawirikawiri ndi fumbi la chitsulo wamba: wina wagaya ngodya pafupi, kapena wagwiritsa ntchito disiki ndi burashi ya waya zimene anagwiritsa pa chitsulo wamba. Zida za stainless zizikhala m'bokosi lakelake. Tsukani madonthowo msanga chifukwa pansi pake timabowo timayamba, koma musayerekeze kutsuka ndi asidi wa pa swimming pool, ameneyo ndi hydrochloric. Mabawuti akadyeka flange ili bwino, ndiye kuti mwaika a chitsulo wamba kapena opaka zinc pa stainless pamalo ponyowa, ndipo kachitsulo kakang'onoko kakudyedwa m'malo mwa chachikulucho. Yang'anani pamutu pa bawuti: A2 ndi mtundu wa 304, A4 ndi mtundu wa 316. Timilu tofiirira tonga chiswe chamanga, pansi pake pali dzenje, makamaka pafupi ndi msoko, ndi ntchito ya tizilombo ta m'madzi oima. Zimachitika ngakhale pa thanki yatsopano imene anaiyesa ndi madzi a borehole n'kuwasiya momwemo mwezi wathunthu podikira magetsi kapena mapepala.

Pampu ili ndi msampha wakewake wa kuno kumtunda. Impeller, gudumu lokankha madzi m'kati mwa pampu, ikaoneka ngati chisa cha njuchi, ndipo pampu ikamalira ngati ikugaya miyala, musafulumire kunamizira chloride. Pa mamita 1,500 mpweya supanikiza ngati kunyanja, n'chifukwa chake madzi kuno amawira pa madigiri pafupifupi 95. Pampu imataya mphamvu yokoka madzi yopitirira mita imodzi ndi theka. Pampu imene inasankhidwa ndi mawerengero a ku Durban, ikaikidwa pamwamba pa dzenje lakuya la madzi ofunda, imapanga thovu la nthunzi limene limaphulikira pa impeller. Tsitsani pampu, kulitsani paipi yokokera, tsukani sefa. Mukagula impeller yodula osakonza zimenezi, idzangochedwa kufa.

Yezani madzi pa nthawi yake yoipa

Tsopano madzi. Sampulo imodzi yotungidwa 10 koloko m'mawa, zonse zikuyenda bwino, siuza munthu kanthu. Chitsulo chimaphedwa ndi ola loipa, osati tsiku labwino. Khalani pansi ndi anthu a shifiti ya usiku, muwafunse nthawi imene amataya madzi oviika zikopa, nthawi imene softener imatsukidwa, nthawi imene amatsuka pansi ndi mankhwala. Iwowo amadziwa zimene ofesi sidziwa. Tungani pa nthawi zimenezo, kwa sabata imodzi kapena ziwiri, botolo lililonse mulembepo ola.

Ku labotale pemphani chloride weniweni, mu mamiligalamu pa lita. Kamita kam'manja koyeza TDS, zonse zosungunuka m'madzi, kamawerenga mchere wamtundu uliwonse, sikasiyanitsa chloride ndi sulphate. Kutentha ndi pH, muyeso wa asidi, muyeze pomwepo potunga, chifukwa botolo likafika mtauni lazizira. Funsaninso za klorini. Anthu amasokoneza klorini ndi chloride, koma ndi zinthu ziwiri, ndipo zikakumana zimathandizana: klorini amakankha, chloride amaboola. 304 imapirira klorini wotsalira wa mamiligalamu pafupifupi 2 pa lita, 316 pafupifupi 5. Chizolowezi choponya HTH, klorini wa mibulu, m'thanki ya stainless kuti aphe fungo chabowola mathanki ambiri, chifukwa mibuluyo imakhala pansi n'kumasungunukira pa chitsulo penipeni. Musungunuleni kaye m'chidebe cha pulasitiki, muthire pamene madzi akuthamanga. Mafakitale ambiri amayeza kale madzi awo chifukwa cha EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndi malamulo a khonsolo a madzi opita koyeretsera madzi oipa ku Firle ndi ku Crowborough, koma sampulo imeneyo imatungidwa kumapeto, mitsinje yonse itasakanikirana. Thanki yanu ili kumtunda, kumene madzi adakali aukali.

Kusankha

Manambala mukakhala nawo, pali muyeso umene akatswiri amayambira, wa madzi ozizira a pH yapakati. 304 imakhala bwino mpaka chloride mamiligalamu pafupifupi 200 pa lita, 316 mpaka pafupifupi 1,000. Amenewa ndi malire a tsiku labwino. Madzi akafunda, pH ikatsika, matope akakhalapo kapena klorini akalowa, malirewo amatsika, ndipo m'madzi oipa zinayi zonsezi zimakonda kubwera pamodzi. Ine m'madzi oipa a m'fakitale sindiikanso 304 pamalo pomira, ngakhale pepala la labotale linene zokoma.

Kusiyana kwa zitsulozi kuli pa zosakaniza. 304 ili ndi chrome 18 peresenti ndi nickel 8. 316 imaonjezera molybdenum wa pakati pa 2 ndi 3 peresenti, ndipo iyeyo ndi amene amalimbana ndi timabowo. Pali kawerengedwe kofananitsira kotchedwa PREN: tengani chrome, muonjezere molybdenum wochulukitsa ndi 3.3, muonjezerenso nitrogen wochulukitsa ndi 16. 304 imapeza 18 kapena 19, 316L pafupifupi 24. Duplex 2205, ya chrome 22, nickel 5, molybdenum 3 ndi nitrogen pang'ono, imafika pa 35. Super duplex 2507 ndi zitsulo za molybdenum 6 peresenti monga 254 SMO zimapitirira 40, ndipo 40 ndiye mzere umene anthu amafuna pa madzi a m'nyanja. Nambalayi imangondandalika zitsulo, iyi patsogolo iyi pambuyo. Sinena kanthu za asidi, za ming'alu, kapena za wowotcherera amene anamana paipi argon.

Pa zonsezi, chimene ndimachikonda ndi 2205. Chimapirira ming'alu ya madzi otentha, chimapirira chloride wa masauzande angapo pamene 316 yagonja, ndipo n'cholimba pafupifupi kawiri, moti thanki ikhoza kupangidwa ndi pepala lopyapyalako, mtengo n'kuyandikana. Vuto lake kuno n'kupezeka. 304 ndi 316 mudzazipeza m'masitolo a zitsulo a ku Msasa ndi ku Graniteside, koma duplex kawirikawiri imachita kuodedwa ku South Africa, ndipo chigongono chimodzi chikasowa ntchito imaima kudikira lole ya ku Beitbridge. Odani zonse kamodzi, ndi rod yake, ndi zapadera. Wowotcherera akhale woti anaigwirapo: siifuna moto wambiri kapena wochepa kwambiri, ndipo msoko uzizizira kufika pansi pa madigiri 150 asanadutsenso kachiwiri. Imagwira maginito, musadabwe n'kuibweza.

Kupitirira apo kuli zitsulo zimene fakitale wamba imagula tizidutswa chabe. 904L inapangidwira sulphuric acid, ndipo imathandiza pamene asidi ndi chloride wapakatikati zakumana. Hastelloy C-276, ya nickel wambiri ndi molybdenum pafupifupi 16 peresenti, ndi ya malo a asidi wotentha wa chloride, monga kansonga kothirira mankhwala kapena shafiti ya chovundulira. Titanium ya giredi 2 siopa madzi a mchere, klorini wonyowa, ngakhale ferric chloride, n'chifukwa chake mapuleti a heat exchanger a madzi a mchere amakhala a titanium. Koma fluoride m'madzi a asidi amaidya msanga, ndipo klorini wa gasi wouma amaiyatsa moto. 3CR12, ija inayambira ku Middelburg, ya chrome pafupifupi 12 peresenti, ndi yabwino pa masitepe, pa zoyendapo ndi pa mafelemu, osati pomira m'madzi a mchere. Brass ndi kopa zisayandikire madzi a ammonia kapena sulphide, ndiye kuti kofufuta zikopa ayi. Paipi yopaka zinc imatha msanga pH ikatsika pansi pa 6 kapena ikakwera kupitirira 12.

Tsopano ndinene zimene wogulitsa zitsulo sangakuuzeni. Pa madzi ozizira a mchere wambiri, pa hypochlorite, pa ferric chloride ndi pa hydrochloric acid, yankho kawirikawiri si chitsulo ayi. Mapulasitiki monga HDPE, polypropylene ndi PVC, faibagalasi ya vinyl ester, kapena chitsulo wamba chokutidwa ndi rabala m'kati, zonsezi chloride sazidziwa n'komwe, ndipo mtengo wake ndi kachigawo chabe ka duplex. Zili ndi malire ake. PVC wamba amalekezera pa madigiri 60, amafuna zomugwiriza pafupipafupi kuti asagwe mimba, ndipo dzuwa lathu limamuumitsa mpaka kusweka ngati sanapakidwe penti. HDPE yakuda ndiye imapirira dzuwa. Mafuta ndi zosungunulira zina zimafewetsa mapulasitiki ena, choncho funsani kaye. Chitsulo chodula chisungireni pamene pali kutentha, mphamvu yaikulu, kapena chinthu chozungulira.

Zoti anakuberani kapena ayi

Maginito sakuthandizani kwambiri. 304 ndi 316 zonse sizigwira, ndipo 201, yotchipa ija ya nickel wochepa ndi manganese wambiri, nayonso sigwira, pamene m'madzi a mchere ndi yofooka kuposa 304. Ndi maso simungasiyanitse zitatuzi. Pogula, funani satifiketi ya EN 10204 ya mtundu wa 3.1, muone ngati heat number, nambala ya gulu limene chitsulocho chinasungunulidwira, yolembedwa papepalapo ndi yomwe yadindidwa pa chitsulocho. Satifiketi ya chitsulo china ndi pepala chabe. Pali mankhwala odonthezera oyesa molybdenum amene amasiyanitsa 316 ndi 304 m'mphindi zochepa, ndipo pa ntchito yaikulu itanani a makina a XRF, oyeza zosakaniza za chitsulo, adzawombe chidutswa chilichonse, misoko yomwe. Zitsulo zakale za ku msika wa Magaba zatipulumutsa ambirife pa mageti ndi mashelefu, koma chidutswa chopanda chidindo sindichiika pa paipi ya madzi oipa ndisanachiyese. Pa pampu ndi valavu werengani zolembedwa pathupi: CF8 ndi mtundu wa 304, CF8M ndi wa 316. Funsaninso za shafiti ndi kasipuling'i ka mechanical seal, chotsekera madzi pa shafiti, chifukwa pampu imatchedwa ya 316 thupi lokha, shafiti ili ya 420 kapena 431, ndipo imadyeka pansi pa seal pomwepo.

Ngati ndalama zimene zikufunika n'zambiri ndipo nthawi ilipo, yesani kaye. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dulani tizidutswa ta 316L, 2205 ndi china chilichonse chimene mukuchiganizira, kalikonse kakhale ndi msoko wowotchereredwa ndi munthu yemwe adzagwire ntchitoyo, mumangepo washa wa pulasitiki kuti pakhale kampata. Mangirirani ndi chingwe cha nayiloni, tisakhudzane, tina pansi m'matope, tina pamzere wa madzi. Pakatha miyezi itatu, kuphatikizapo masiku amene magetsi anathima, tulutsani, mumasule mawashawo, muyang'ane pansi pake ndi galasi lokulitsa.

Ku fakitale ya zikopa kuja sitinagule duplex. Titayeza usiku tinapeza kuti mchere pafupifupi wonse unkabwera ndi madzi oviika oyamba, kamodzi patsiku. Tinawapatulira paipi yawoyawo ya HDPE kupita ku dzenje lokutidwa ndi faibagalasi, madzi otsalawo n'kumapita ku thanki ya 316L ya pansi popendekeka ndi valavu yotayira matope, imene mlonda wa Loweruka ankatsegula asanaweruke. Thanki ya 304 ija tinaidula, zidutswa zabwino tinapangira matebulo a m'kantini.